Zinziri ya Pachifuwa cha Bambo

Suzhou,
9 Novembala 1921

Okondedwa achemwali anga a Wanqing,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti dzuwa la ku Singapore silinakusungunuleni. Kalata yanu inafika, tsabola uja anafikanso. Mlamu wanu Peiyun, amene mpaka lero mumangomudziwira pa chithunzi, anamuthira m'nsomba monga munalangizira, ndipo tinadya misozi ili chuchuchu. Ngati cholinga chanu chinali chakuti tikulireni, chinatheka.

Kuno kwayamba kuzizira. Nkhanu zanona kwambiri chaka chino, moti ngakhale ife aphunzitsi tikuzilawako. Ine ndikuphunzitsabe ana a eni ake mbiri ya dziko m'mawa, ndipo masana ndimalemba timawu tonyoza akuluakulu m'nyuzipepala, pansi pa dzina lonama limene aliyense mu Suzhou akulidziwa.

Munafunsa za bambo. Akulankhula, akulamula, akundinyoza, choncho nyumba ili pamtendere. Maso okha ndiwo atha. Ng'ala yaphimba onse awiri, anthu akuwazindikira ndi mapazi, ndipo ine akuti ndimayenda ngati munthu amene kuyenda anakuphunzira m'buku. Koma mwezi watha anaitanitsa wojambula zithunzi za makolo. Ndangolemba basi. Inu munabadwira m'nyumba ino, mukudziwa nthawi imene munthu amaitana wojambula ameneyo. Tsono ndiloleni ndikambe za zinziri, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo: bambo asankha mmene akufuna kudzakhalira pakhoma pafupi ndi amayi, ndipo pali munthu amene walumbira kuti sizitheka.

Mukukumbukira mmawa wa tsiku loyamba la mwezi, bambo akuvala kuti akagwadire kumpoto, kumene kunali mfumu, pamodzi ndi anzawo a boma? Nyumba yonse inkanunkhira mtengo wa bokosi lija losungiramo zovala zawo zaulemu. Ife awiri tinkakhala pansi, kukamwa yasa. Poyamba unkatuluka mkanjo wabuluu wa zinjoka: m'munsi mafunde a nyanja, pamwamba pa mafunde phiri, pamwamba pa phiri mitambo, ndipo m'mitambomo timileme tofiira ta mwayi, timene tinkapikisana kuwerenga inu n'kumabera. Bambo ankati munthu akavala mkanjo umenewo wavala dziko lonse, ndipo khosi lake ndi mzati wochirikiza kumwamba. Amayi, singano ili pakamwa, ankangoti, "Mzati imani bwino, kumwamba kwapendekera." Zinjoka za bambo zinali ndi zikhadabo zinayi, pakuti zisanu ndi za mfumu yokha. Inu munandiopseza kuti muwonjezerapo chachisanu ndi ulusi kuti asilikali adzatidule mitu tonse, ndipo ndinakhala ndikukupatsani maswiti anga mpaka mano anakuwawani.

Ndiye pamwamba pa dziko lonse lija pankabwera chikhoti chakuda, n'kulibisa. Chinkatsala choonekera ndi chigamba cha udindo chokhala ndi mbalame, china pachifuwa, china kumsana. Anzawo ankavala apikoko, atsekwe, akakowa, abakha. Bambo athu, atakalambira pa mayeso ndi kuyang'anira ana asukulu a m'boma muno moyo wawo wonse, anapatsidwa zinziri, kambalame kachiwiri kuchokera pansi, konenepa, kopanda mchira. Chaka ndi chaka ankadikira kuti awakweze akhale bakha. Bakha sanabwere, ufumu ndiwo unapita.

Koma zinziri imeneyo anawomba ndi amayi, ndi luso la kwawo lija lodula ulusi mtundu ndi mtundu, loti nsalu ukaiyang'ana padzuwa umaona timipata ngati yochekedwa ndi mpeni. Anawomba za bambo, n'kuwombanso zawo, poti mkazi amavala mbalame ya mwamuna wake. Mbalame iliyonse imayang'ana kadzuwa kofiira pakona, ndipo mabuku amati dzuwalo ndi mfumu. Koma dzuwa la mkazi limakhala kukona inayo, kuti awiriwo akakhala pamodzi mbalame zawo ziziyang'anana. Tsiku lina ndinafunsa amayi kuti kodi zinziri yawo ikuyang'ana mfumu kapena bambo. Anati, "Akuluakulu akuti mfumu. Asiye azitero." Chikhoti chawo chinapita nawo kumanda, ndipo pa chithunzi chawo chimene timapachika pa Chaka Chatsopano, zinziri yawo yakhala ikuyang'ana khoma loyera zaka zonsezi, pamalo pamene pakudikira bambo.

Wojambula uja dzina lake ndi a Qiu. Sanabwere okha. Anafika ndi bambo aang'ono a Derong, amene masiku ano ali ndi fakitale ya machesi ndi mimba yoyenerana nayo. Mwana wawo akukwatira mwana wa banja lina limene agogo ake anali bwanamkubwa, ndipo apongozi amenewo adzabwera pa Chaka Chatsopano kudzagwadira zithunzi zathu. Mukuona kale kumene zikupita.

A Qiu anayala mipukutu yawo pansi. Achemwali, ndikanakonda mukanaona. Anali matupi okhaokha, ojambulidwa kale, okhala pamipando ya chikopa cha kambuku, manja m'mikono, nsapato zowala, koma opanda mitu.

"Awa ndi matupi, bwana," anatero. "Mungosankha. Mutu ndimaikapo tsiku limodzi."

Bambo anatembenuzira khutu kwa ine. "Iwe a Yunivesite, akundigulitsa chiyani?"

"Matupi, bambo. Pali la pikoko, pali la tsekwe, palinso la mkango ngati mukufuna kukhala kazembe wa nkhondo."

"La munthu wodwala mawondo palibe?"

"Limenelo silimayenda malonda, bwana," anatero a Qiu, ndipo ananena ndi mtima wonse.

Bambo aang'ono anasendeza mpando. "Achimwene, tamvani. Mfumu kulibe. Akumangani ndani? Wogulitsa mafuta wa pa mlatho uja anajambulidwa ndi mbalame ya nduna yaikulu, munthu woti dzina lake ankadinda ndi chala. Inu wophunzira weniweni mukhale zinziri? Tengani pikoko. Sindikunena zapamwamba kwambiri, anthu angaseke. Pikoko basi, wapakatikati."

"Zaka zonse zija ndinadikira bakha," anatero bambo, "kodi pikoko anali kwa iwe?"

"Musatero, achimwene. Ndi nkhope ya banja imene ndikunena."

"Nkhope ya banja ndi iyi ili pakhosi pangayi. Derong, unaphunzira zomwe ndinaphunzira ine, ngakhale unkagona. Chithunzi chikalakwika ndi tsitsi limodzi lokha, ameneyo ndi munthu wina. Ana adzafukiza lubani, adzaika mpunga, nyama ndi kachikho ka mowa, ndipo adzadya ndi pikoko wachilendo, ine ndili panja ndi njala. Komanso mkazi wanga ndi zinziri. Ine ndikakhala pikoko, adzukulu adzafunsa kuti mayi ameneyu anali wa yani."

"Alamu nawonso tiwakweza," anatero bambo aang'ono. "A Qiu, simungathe kupaka pamwamba pa zinziri ijayi?"

Ndinaona a Qiu akuyamba kupinda mipukutu yawo pang'onopang'ono, ngati munthu amene waona mitambo yakuda. Bambo anagwira chikho chawo, n'kuchibwezera pansi osamwa.

"Derong, tiyi wako wazizira. Ukamwere kwanu."

Atatero anauza a Qiu kuti adzabwere sabata yotsatira ndi nsalu yoyera, yopanda thupi la munthu aliyense. "Mudzajambule chimene mwaona. Musawonjezere, musachotse." Anawabwerezetsa mawuwo ngati mwana wasukulu. Kenako anati, "Zhaolin, tulutsa bokosi."

Achemwali, pa tsiku lachisanu ndi chimodzi la mwezi wachisanu ndi chimodzi, nyumba iliyonse ikamayanika zovala zake padzuwa, woyanika kwathu munali inu. Mutapita, ine ndinali ku Beijing kuphunzira mmene maufumu amagwera, ndipo bokosi linangokhala. Nditatsegula ndinapeza mkanjo uli bwinobwino, zikuoneka kuti njenjete zinaopa zinjoka. Koma chikhoti chinali pamwamba. Chigamba cha kumsana chinangotsala malire okha. Cha pachifuwa chinali ndi mafunde, mwala, ndi timiyendo tiwiri titaima pamwalapo, ngati munthu wathawa n'kusiya nsapato.

"Zili bwino?" anafunsa bambo ali kuchipinda.

"Zikungofuna mphepo, bambo."

Sindinaname. Zinali zitatsala ndi mphepo yokhayokha.

M'mawa mwake ndinapita ku kamsewu ka owomba nsalu, kwawo kwa amayi. Zowombera zambiri zinaphwasulidwa, zina anthu akuyanikapo masamba. Nkhalamba ziwiri zimene zikuwombabe zinandilandira bwino, zinakumbukira amayi, zinandipatsa tiyi. Zinati zinziri zingathe kuwomba, yokongola ndithu, ndikaitenge chaka chamawa maluwa a m'ngalande akadzayamba kuphuka. Ndinathokoza. Sindinaziuze chifukwa chake sindingadikire mpaka nthawi imeneyo.

Ndiye ndinalowera kwa ogulitsa kaunjika a kutsogolo kwa kachisi. Kumeneko ndiye ufumu wonse uli m'madengu. Zigamba zimene anthu ankazigwadira pamsewu akuziunjika ngati mbatata, ndipo azungu a ku Shanghai akugula kuti azikhazikapo ketulo ya tiyi. Poti iwo amafuna mbalame zamchira, apikoko achuluka kuposa mmene analili mfumu ilipo. Ena ndinawagwira utoto usanaume. Ndinayenda dengu ndi dengu kufunsa zinziri, anthu n'kumandiyang'ana ngati ndafunsa chimfine.

"Zinziri?" anatero mayi wina wa dzino lagolide. "Akulu, mwaferedwa kalaliki?"

"Ndi za bambo anga."

"Ndiye muwakonde bambo anuwo, atengereni tsekwe uyu. Mtengo ndi womwewo."

"Akufuna zinziri."

"Pali anthu ena osafuna kutukuka," anatero, akulowetsa mkono mpaka pansi pa dengu. Anatulutsa ziwiri, ya kumsana yathunthu ndi ya pachifuwa yogawika pakati monga zimakhalira, zakale ndithu, zoyera bwino, ngati sizinavalidwe kawirikawiri.

Musaganize kuti ndinagula mwachibwana. Ndinavala magalasi. Ndinaona mchira kuti ndi waufupi, nthenga kuti ndi za mabala, mlomo kuti si wa bakha. Ndinawerenga ngakhale mafunde. Peiyun, amene amaphunzitsa masamu ku sukulu ya atsikana, anayeza ndi rula n'kusoka ndi timisoko tolunjika ngati asilikali. Tinaimirira patali n'kumayamikirana. M'nyumba imodzi mapepala a sukulu awiri, ndipo panalibe mmodzi woyang'ana kumene dzuwa lili.

Tsiku lojambula linafika. A Qiu anabwera ndi nsalu yoyera, ndipo bambo aang'ono anabweranso, akuti kudzangoona, koma wantchito wawo anali atanyamula mpukutu wa pikoko uja. Bambo ndinawaveka ndine. Mkanjo umene kale unkakana kukumana pamimba unawazungulira n'kutsalako. Mafunde a m'munsi ankakwekwereka pansi. Mikono ija yooneka ngati ziboda za kavalo inameza manja onse, moti ndinachita kuipinda kuti zala zioneke. Ndinawanyamula kuwaika pampando, ndipo kunyamulako sikunandivute. Koma atakhala anawongola msana, anakweza chibwano, ndipo kwa kanthawi ndinamva ngati tili pansi paja awirife, amayi ali kumbuyo ndi singano.

Ndiye anachita chimene ankachita nthawi zonse asanatuluke pakhomo. Anakweza dzanja n'kukaika chala pakona ya chigamba, pamene amayi anasokerapo kadzuwa ka timikanda tofiira. Chala chinapeza mtambo. Chinayendayenda, chinatsika, chinakhudza mutu wa mbalame, chinatsata mlomo, n'kuwoloka pachifuwa mpaka kukona inayo. Chinaima pamenepo.

"Lero dzuwa latulukira kumadzulo?"

Anatembenuzira nkhope kwa ine.

"Zhaolin. Zinziri iyi ndi ya munthu wamkazi. Imene anandiwombera amayi ako ili kuti?"

"Njenjete, bambo."

Panja munthu ankaitanira malonda a nkhanu, ndipo ndinamuda munthu ameneyo popanda chifukwa.

"Zinadya yonse?"

"Zinasiya miyendo."

"Miyendo," anatero bambo. "Eya. Miyendo sanaikhoze, iyenso ankadziwa. Anamasula, n'kuwombanso, n'kumasulanso, mpaka anati zinziri siyenda ulendo. Njenjete zimaidziwa ntchito yabwino." Anatambasula dzanja. "Bwera nayo."

Peiyun anathamanga kukatenga kansanza kaja. Bambo anakasisita ndi chala, n'kukalowetsa mumkono wa mkanjo. Kali momwemo mpaka lero.

Bambo aang'ono sanathe kudzigwira. Anaseka mpaka mpando unalira. "Mwaonatu, achimwene? Kukana pikoko n'kuvala za amayi! Kumwamba kwayankha kokha. Iwe, tambasula mpukutu uwo."

"Palibe vuto, bwana," anatero a Qiu. "Mbalame ndiitembenuza ndi burashi, dzuwa ndilisamutsa. Palibe adzadziwe."

"Ndinakuuzani chiyani?"

"Kuti ndijambule chimene ndaona."

"Mwaona chiyani?"

"Zinziri yoyang'ana uko."

"Ndiye mukufunsanso chiyani?"

Apa ndinagwada pafupi nawo. "Bambo, tasiyani ndikafunenso ina. Mukajambulidwa chonchi n'kupachikidwa pamalo panu, mbalame yanu idzafulatira amayi mpaka kalekale."

"Ina ukaipeza kuti? Iyi yomwe unachita kufukula pansi pa dengu, ndikumva fungo la dengulo. Ndipo a Qiu ali ndi anthu ena owadikira, sichoncho a Qiu? Anthu a ntchito yanu sachedwetsedwa." A Qiu anayang'ana pansi. "Katenge amayi ako."

"Si Chaka Chatsopano, achimwene," anatero bambo aang'ono.

"Sakwiya. Katenge."

Ndinatsitsa mpukutu wa amayi, ndinautambasula. Achemwali, utoto sunasuluke ngakhale pang'ono. Akadali ndi kamlomo kaja kongokhala ngati akubisa nthabwala. Bambo anandiuza kuti ndiime nawo kumbali kumene mkazi amakhala.

"Ya amayi ako ikuyang'ana chiyani?"

"Inu, bambo."

"Yanga?"

"Chitseko."

"Ayi, chitseko ndachiyang'ana mokwanira. Zungulira, ukaime mbali inayi."

Ndinazungulira, n'kukaima nawo amayi kumalo aulemu, kumene amakhala mwamuna.

"Tsopano yanga ikuyang'ana chiyani?"

"Amayi. Koma ya amayi ndiyo yakufulatirani, ikuyang'ana kutsogolo."

Bambo anapendeka mutu ngati akumvetsera chinachake kutali. Kenako anamwetulira, kumwetulira kumene sindinakuone chichokereni inu.

"Mayendedwe ake anali amenewo," anatero. "Popita kumsika, popita kukachisi, iye patsogolo, ine pambuyo ndi katundu. Kumandanso anatsogola osandifunsa. Mudzandipachike kumeneku."

Bambo aang'ono anadzuka. "Kumeneko ndi kwa akazi! Mwamuna wa banja la Weng akhale pansi pa mkazi wake, atavala mbalame ya mkazi wa munthu wina? Apongozi anga adzati chiyani?"

"Adzati mkazi anapita, mwamuna akumutsatira. Adzakhala atanama pati?"

"Adzatiseka mzinda wonse!"

"Uwauze kuti ndinali pikoko mumtima. A Qiu, yambani, khosi likundiwawa. Kumwamba n'kolemera."

A Qiu anajambula. Ndiyenera kunena kuti munthu uja, akamulanda matupi ake, ali ndi dzanja. Anajambula makwinya onse, kachipsera ka pachipumi, maso oyera aja osabisa, zinjoka zosuzumira pansi pa chikhoti, mafunde okwekwereka, ndi kazinziri ka mayi wosadziwika, mkazi wa kalaliki wina wa kwina, kakuyang'ana kumene sikayenera. Ndimamuganizira mayi ameneyo nthawi zina. Chigamba chake n'choyera chonchija, mwina anachivala pa ukwati wa mwana ndi pa maliro a apongozi basi. Sankadziwa kuti adzalowa m'banja la Weng.

Bambo aang'ono sanadikire kuti chithe. Ali pakhomo anandikokera pambali, ndipo sanaseke. Anati, "Mwana iwe, asiye anene zimene akufuna. Wopachika zithunzi amakhala wamoyo. Pa Chaka Chatsopano wamkulu m'banja muno adzakhala ndani?" Ndinafuna kuwayankha. Ndinali ndi mayankho abwino kwambiri, ndinawapeza onse atakwera kale ngolo.

Apa ndiye pali pempho langa. Mukundidziwa, achemwali. Bwanamkubwa ndingamunyoze m'nyuzipepala mpaka atupe, chifukwa sanandinyamulepo ndili khanda. Koma bambo aang'ono akandiyang'ana n'kunena kuti "mwana iwe", maphunziro onse amandithawa. Adzabwera ndi akuluakulu a banja, adzanena za mwambo, ndipo pa mwambo adzakhala akulondola. Adzapachika bambo kumalo aulemu, zinziri ikuyang'ana chitseko, kapenanso adzabweretsa a Qiu ndi burashi yawo, pakuti a Qiu lonjezo lawo analonjeza munthu wamoyo. Peiyun ndi mtengwa, sangatsegule pakamwa. M'banja lonse lino munthu mmodzi yekha ndiye anawagonjetsapo bambo aang'ono. Amayi atangoikidwa, iwo anabwera ndi anthu kudzanyamula chowombera nsalu chija kuti akagulitse, ndipo inu munakhalapo pamwamba, osalankhula, osadya, mpaka anthuwo anachita manyazi n'kubwerera. Mpaka lero akamva dzina lanu amakonza kolala.

Ndikudziwa kuti mwana wokwatiwa amati ndi madzi otayika, alibe mawu kwawo. Koma simukufunika mawu. Msomali ndakhoma kale kumbali kumene bambo asankha. Pakungofunika munthu wodziwa kukhala pansi pake osasuntha. Chaka Chatsopano chikugwa kumapeto kwa Januwale. Koma ngati alamu angalole, musawerengere Chaka Chatsopano. Phala limene Peiyun amawaphikira likubwerera theka, ndipo dzulo anandifunsa ngati kunja kwagwa chisanu, dzuwa lili phwee pankhope pawo.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti ndikupepesa powabwereka mkazi wawo. Ana muwapsompsone, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti amalume ake ali ndi mkanjo wa timileme timene palibe anatiwerengapo moona mtima. Peiyun akupereka moni, akuti mudzamuphunzitse kuyanika zovala, tsabola yekha mumusiye komweko. Nkhalamba za ku kamsewu ka owomba zikuti mudzazione.

Bambo ndawawerengera kalatayi, kupatula malo ena. Akuti ndalemba zambiri ngati munthu wolipidwa pa liwu. Ndinawafunsa moni wawo, ndipo anati ndilembe momwe anenera, osawonjezera, osachotsa. Anati: "Umuuze Wanqing kuti ndili bwino. Asavutike n'kubwera, nyanja ndi yaikulu, ana ndi aang'ono, mwamuna wake ali ndi sitolo. Umuuze kuti chithunzi chatuluka bwino, anthu akutero."

Ndinalemba. Nditayamba kutsuka burashi yolembera anandiitananso.

"Kalata imatenga nthawi yaitali bwanji kukafika kumeneko?"

Ndinati masabata awiri.

"Nanga sitima yobwera kuno?"

Ndinati chimodzimodzi.

Ndinaona zala zawo zikuyenda m'kati mwa bulangete.

"Mwezi," anatero. "Mwezi ndiyesa."

Ine mlongo wanu wokukondani,
Zhaolin